Mtengo wa madzi, wa suweji ndi wolumikizira mpopi mu Blantyre: amawerengera chiyani?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akumanga nyumba ku Machinjiri, koma pakadali pano akukhala nyumba ya lendi ku Ndirande. Akuti kotesheni yowalumikizira madzi kunyumba yatsopanoyo yakwera kuposa ya anzawo oyandikana nawo, pomwe ku Ndirandeko bilu ikungokwera chonsecho madzi amafika usiku wokhawokha. Akufuna kudziwa amene amaika mitengoyi ndi zimene amawerengera, komanso ngati adzalipire za suweji pamene akumba kale sepitiki thanki yawo.

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyamba ndi bilu ya mwezi ndi mwezi, popeza mukamvetsa mmene imeneyo imabadwira, za kotesheni sizivuta.

Madzi a m'mipopi mumzinda muno ali m'manja mwa Blantyre Water Board, bungwe la boma lomwe linayamba mu 1929 ndipo lero limayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Bungweli silingangodzuka m'mawa n'kukweza mtengo. Akatswiri ake amawerengetsa, pempho limapita ku bodi, kuchoka apo ku unduna woona za madzi, ndipo mtengo watsopano umayamba kugwira ntchito boma likavomereza. Magetsi ndi mafuta a galimoto ali ndi MERA yomwe imaunika mitengo yawo. Madzi akhala zaka zambiri opanda woweruza woima payekha wotere, ndiye pempho limatha kugonekedwa nthawi yaitali poopa kukwiyitsa anthu, kenaka mtengo n'kudzalumpha kamodzinkamodzi. Kulumpha kotereku ndi kumene kumapweteka mabanja, kuposa kukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Kawerengedwe kake kamayamba ndi funso limodzi: pa chaka chonse pakufunika ndalama zingati kuti madzi asasiye kutuluka? Mu ndalamazo muli zoyendetsera ntchito tsiku ndi tsiku, monga magetsi, mankhwala, malipiro a ogwira ntchito, mafuta ndi zokonzera mapaipi ophulika. Mulinso ndalama yoika padera kuti pampu kapena paipi ikatha ntchito mugule ina, ndi yobwezera ngongole zimene anamangira malo oyeretsera madzi. Zonsezi akaziphatikiza amazigawa ndi kuchuluka kwa madzi amene akuyembekeza kugulitsa, ndipo yankho lake ndiwo mtengo wa kiyubiki mita imodzi. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20.

Blantyre ali ndi vuto lake lomwe mizinda ina m'dziko muno ilibe pa mlingo womwewo. Mzinda uli pamtunda, madzi ali kunsi. Damu la Mudi limapereka gawo lochepa chabe. Madzi ambiri amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, pafupifupi makilomita 40 kuchoka mumzinda, amayeretsedwa komweko, n'kupopedwa kukafika ku Chileka, kenaka n'kupopedwanso kukwera kumatanki a mumzinda. Chikweza chonsecho ndi pafupifupi mamita 800. Kukweza malita 1,000 mtunda wotere kumafuna mayunitsi a magetsi opitirira pang'ono awiri ngakhale pampu itakhala yosataya mphamvu n'komwe. Pampu yotero kulibe, ndipo madzi amakhulana ndi khoma la paipi njira yonse, choncho zenizeni zake ndi mayunitsi atatu kapena kuposera apo. N'chifukwa chake magetsi a ESCOM akakwera mtengo, bilu ya madzi a Blantyre imamva msanga. Madzi a ku Likhubula m'phiri la Mulanje, omwe anayamba kufika mu 2019 kudzera pa malo oyeretsera a ku Nguludi, anathandiza ndi makiyubiki mita 20,000 patsiku, koma ntchitoyo inamangidwa ndi ngongole ya ku India, ndipo ngongole imabwezedwa.

Mankhwala nawo amagulidwa kunja: alamu wogwetsa matope, klorini wopha tizilombo, ngakhalenso mamita owerengera madzi, mavalavu ndi zipangizo za mapampu. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yenseyu anakwera nthawi yomweyo. M'dzinja Shire amabwera wofiira ndi dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo, ndiye alamu amalowa wambiri ndipo mchenga umadya mapampu.

Koma chimene chimakweza mtengo kwambiri, chomwe anthu ambiri sachiona, chili pa kugawa kuja. Sagawa ndi madzi amene apopa, amagawa ndi madzi amene alowa pa bilu. Tiyerekeze ndi manambala ongophunzitsira. Bungwe lawononga K1,000,000 kupopa ndi kuyeretsa makiyubiki mita 1,000. Onse atafika pa mita za makasitomala, imodzi ikhala K1,000. Akatayika 500 panjira, otsalawo ayenera kusenza mtolo wonse, ndiye imodzi ikhala K2,000. Otayika akatsika kufika pa 300, mtengo utsika kufika cha m'ma K1,430 popanda kumanga damu latsopano. Zili ngati mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amene theka la dengu lamuwolera panjira: wotsalayo amamukweza mtengo kuti mpamba ubwerere. Mu Blantyre madzi osabweretsa ndalama akhala akuzungulira theka kwa zaka zambiri. Ena amathera m'mapaipi akale odontha pansi pa nthaka, ena m'matanki osefukira, ena amabedwa polumikiza mozemba, ena amadutsa pa mita zokalamba zosawerenga bwino. Ambiri mwa madzi amene mumawaona akuyenda mumsewu masiku atatu osakonzedwa anakwera kale mamita 800 aja, magetsi ake analipiridwa. Onjezanipo mabilu amene amalembedwa koma osalipidwa, kuphatikizapo a maofesi ena a boma, omwe ndi chifukwa china chimene mamita a prepaid anabwerera.

Maganizo anga ndi akuti pempho lililonse lokweza mtengo lizibwera ndi lonjezo lolembedwa: chaka chino madzi otayika atsika kufika pakuti, madera akutiakuti alandira madzi maola angapo patsiku. Kukana kukweza mtengo mpaka kalekale kumapha mapampu, ndipo oyamba kusowa madzi amakhala a m'mapiri ndi a kumapeto kwa mizere. Kuvomera kukweza popanda lonjezo ndi kulipiritsa kasitomala wokhulupirika madzi amene sanamwe.

Mtengo wa pakatikati uja akaupeza, saupereka chimodzimodzi kwa aliyense. Makasitomala amagawidwa m'magulu: a m'nyumba, masukulu ndi zipatala ndi maofesi, a malonda ndi mafakitale, ndiponso makiyosiki. A malonda amalipira wokwererapo kuti a m'nyumba ndi a pakiyosiki apepukidwe. Pa makasitomala a m'nyumba, njira yofala ndi ya masitepe. Makiyubiki mita oyamba pamwezi, omwe ndi akumwa, ophikira ndi osamba, amakhala otsika mtengo, otsatira amakwera, ndipo opitirira malire ena amakwera kwambiri kuti wothirira kapinga ndi wotsuka galimoto ndi paipi alipire zambiri. Pambali pake pamatha kukhala ndalama yokhazikika yosasintha ngakhale musanatunge dontho, yolipirira mita, kuiwerenga ndi kusamalira mzere wanu.

Apa ndi pamene ndikukayikira kuti pali vuto lanu la ku Ndirande. Masitepewa anapangidwa poganizira banja limodzi pa mita imodzi. Banja la anthu asanu, aliyense akamagwiritsa ntchito malita 50 patsiku, limatha makiyubiki mita 7.5 pamwezi. Koma pa poloti imodzi ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe pamatha kukhala makomo asanu ndi limodzi akutunga pa mpopi umodzi wa alandilodi. Mita imaona makiyubiki mita 45, ndipo ochuluka mwa amenewo amagwera pa sitepe yapamwamba, ngati kuti ndi nyumba imodzi ya ku Namiwawa yokhala ndi dimba la maluwa. Anthu amene masitepe amafuna kuwateteza ndiwo amalipira mtengo wa olemera. Pemphani alandilodi akuonetseni bilu yeniyeni, osangokuuzani gawo lanu pakamwa, muone makiyubiki mita a mwezi umenewo, ndipo muyerekeze ndi ndandanda ya mitengo yomwe mungaipeze ku ofesi ya bungweli. Ngati makomo ali ambiri, kupatula mamita kumabweza ndalama zake pakapita nthawi.

Madzi obwera usiku ali ndi misampha yakeyake. Munthu amatsegula mpopi masana, sapeza kanthu, n'kuusiya chitsegulire. Madzi akafika 2 koloko usiku, mpopi wa hafu inchi umatulutsa malita 10 kapena kuposa pa mphindi, ndiye maola atatu okha ndi malita 1,800 olowa m'ngalande. Thanki ya padenga yokhala ndi bolovalavu (valavu yotseka madzi thanki ikadzaza) yotha imasefukira anthu ali mtulo. Thanki ya chimbudzi chogejemula ikamadontheza m'mbale imatha malita mazanamazana patsiku mwakachetechete. Palinso mpweya umene umadzaza m'mapaipi madzi akasiya, ndipo madzi akamabwerera mpweyawo umatha kuzunguza mita. Mankhwala ake ndi kutseka valavu ya pa mita nthawi imene madzi kulibe. Kuti mudziwe ngati pali podontha, sankhani nthawi imene madzi alipo, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani theka la ola. Manambala akuda ndi makiyubiki mita, ofiira ndi tizigawo take. Ofiirawo akasuntha, penapake pakudontha, ndipo kudontha kwa mbali ya nyumba kuchokera pa mita ndi kwa mwini nyumba. Onaninso ngati nambala ya pa bilu ikugwirizana ndi ya pa mita, chifukwa wowerenga akapeza geti yotseka kapena mita yokwiririka, bilu imalembedwa mongoyerekeza. Jambulani mita ndi foni tsiku lomwelo mukadandaule ndi umboni.

Ndisaiwale a pakiyosiki, omwe m'madera ambiri amatumikiridwa ndi magulu a Water Users Association. Tengani mtengo wa ndowa ya malita 20 muchulukitse ka 50, mupeza mtengo wa kiyubiki mita. Kawirikawiri mupeza kuti wonyamula ndowa pamutu amalipira zambiri pa lita kuposa wa mpopi pakhomo pa sitepe yoyamba, popeza mu ndowayo muli malipiro a wogulitsa ndi zokonzera kiyosiki. Chimene chimamutsekereza kunja si bilu ya pamwezi ayi, ndi ndalama yolumikizira.

Tsopano kotesheni yanu. Ndalama yolumikizira si nambala imodzi ya aliyense, chifukwa imatsata zimene woyeza wapeza pa poloti yanu. Amayamba wapeza paipi yaikulu ya bungwe imene ili pafupi komanso yololedwa kubowola, n'kuyeza mtunda kuchoka pamenepo kufika pomwe mita idzakhale, nthawi zambiri m'malire a poloti. Pa paipi yaikuluyo amamangapo kolala yotchedwa saddle, kukula kwake motsata paipiyo, n'kubowola ndi kuikapo kavalavu. Kuchoka apo pamayenda paipi yakuda ya pulasitiki ya HDPE ya mamilimita 20 kapena 25 m'ngalande yakuya pafupifupi theka la mita, mpaka pa valavu, mita ya mamilimita 15 ndi zolumikizira zake. Kenaka ntchito ya amisiri, thiransipoti ndi ndalama ya fomu.

Nyumba ziwiri za mzere umodzi zimasiyana pa zinthu zingapo. Paipi yaikulu ikhoza kukhala mbali ya anzanuwo pomwe inu muli tsidya lina la msewu, ndipo kudutsa msewu kumafuna ngalande yakuya, paipi ina yoteteza kunja kwake kuti magalimoto asaiphwanye, ndi kubwezeretsa msewuwo, makamaka ukakhala wa tara. Mwina paipi yaikulu inathera pa poloti yawo ndipo yanu ili mamita 60 kutsogolo. Pansi pakhoza kukhala mwala. Mita ya prepaid ndi yokwera mtengo kuposa wamba. Ndiponso funsani tsiku limene anzanuwo anapatsidwa kotesheni, chifukwa ya chaka cha 2022 ndi ya kwacha itagwa kawiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Muli ndi ufulu wopempha kuti akulembereni chinthu chilichonse pachokha: mamita angati a paipi, yaikulu bwanji, mita yamtundu wanji, ntchito zingati. Tengani tepi muyeze nokha mtundawo. Funsaninso ngati amalola kuti ngalande mukumbe nokha, ndi masiku amene kotesheniyo imakhala yamoyo. Kawirikawiri amafuna chiphaso cha unzika, umboni woti malowo ndi anu ndi mapu osonyeza njira yofikira. Ndalama perekani ku ofesi kapena ku banki mulandire lisiti. Munthu wokuuzani kuti akulumikizani Loweruka pa mtengo wapansi akukuikani pa mlandu wakuba madzi, ndipo chindapusa chidzagwera inu.

Chenjezo lalikulu kwa omanga m'madera atsopano ndi kutalika kwa paipi yaing'ono. Paipi ya mamilimita 20 ikamapereka malita 12 pa mphindi imataya mphamvu yokwana kukweza madzi mamita 8 kapena 9 pa mamita 100 aliwonse. Mukaikoka mamita 200, mwataya pafupifupi mamita 17 madzi asanayambe n'komwe kukwera chitunda cha kunyumba kwanu. Ya mamilimita 25 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimenezo. Ndiye ngati mtunda ndi wautali, musakondwere ndi kotesheni yotsika ya paipi yopyapyala, mudzakhala ndi mpopi wongolira mpweya. Kumene nyumba khumi zakoka timapaipi khumi m'ngalande imodzi, mvula imatifukula, makasu amatidula, ndipo ndi pomwe madzi ambiri amatayikira. Chanzeru ndi kugwirizana ndi anzanu a mumzerewo kupempha kuti bungwe litalikitse paipi ya mamilimita 63, aliyense n'kulumikiza pafupi. Mugwirizane polemba za amene adzabwere pambuyo, kuti asadzangolowa ulele pa paipi imene ena anasonkhera.

Pali mbali ina ya ndalama yolumikizira imene imakanganitsa akatswiri. Nyumba yatsopano iliyonse imatenga gawo la mphamvu ya mapampu, matanki ndi mapaipi aakulu omwe makasitomala akale akhala akulipirira. Ena amati wobwera kumene alipire gawo lake polowa. Ena amati zimenezo zilowe mu bilu ya onse kuti khomo lisakhale lopapatiza. Pa kampeni ya chisankho cha 2020 kunamveka lonjezo lolumikiza madzi ndi magetsi kwaulere, ndipo cholinga chake chinali chabwino. Koma mita ndi paipi zimagulidwa ndithu, ndipo ngati unduna wa zachuma sunapereke ndalamazo pa nthawi yake, zotsatira zake ndi mndandanda wautali wa odikira. Ine ndimaona kuti njira yolimba ndi kulipiritsa mtengo weniweni wa zipangizo ndi ntchito, koma kulola banja kulipira pang'onopang'ono pa miyezi 12 kapena 24 kudzera pa bilu, ndipo thandizo la boma lilunjike m'madera a anthu ochepekedwa. Banja limene limakwanitsa kugula ndowa zisanu tsiku lililonse likhoza kukwanitsa zimenezo.

Za suweji zili ndi mwini wake wina. Mapaipi a zonyansa ndi malo oziyeretsera, monga a ku Soche, Manase, Limbe ndi Chirimba, akhala akuyendetsedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ndipo amafikira gawo lochepa la mzinda. Anthu ambiri amadalira zimbudzi zokumba ndi masepitiki thanki. Suweji ilibe mita, ndiye mizinda imalipiritsa m'njira zitatu: kudzera mu msonkho wa nyumba wa khonsolo, ndalama yokhazikika pa nyumba iliyonse yolumikizidwa, kapena gawo la bilu ya madzi, poganizira kuti pa malita 100 olowa m'nyumba pafupifupi 80 amatuluka ngati madzi oipa. Njira yachitatuyi ndiyo yachilungamo kwambiri, ndipo imatheka bwino pamene madzi ndi suweji zili pa bilu imodzi. Fakitale yotulutsa mafuta, magazi kapena mankhwala iyenera kulipira motsata kuipa kwa madzi ake, osangoti kuchuluka kwake, chifukwa lita imodzi yotero imalemetsa malo oyeretsera kuposa malita ambiri a m'bafa.

Suweji ikasowa ndalama sizioneka msanga monga zimakhalira ndi madzi. Mpopi ukauma anthu amafuula tsiku lomwelo, koma paipi ya suweji ikaphulika zonyansa zimangotsetsereka kulowa mu Mudi kapena mu Naperi, ndipo amene amavutika ndi ochapa ndi othirira ndiwo zamasamba kumunsi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inagunda Blantyre koopsa, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anaononganso mapaipi ndi zimbudzi. Chaka chomwecho World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 145 miliyoni zothandizira madzi ndi ukhondo mu Blantyre. Ndalama zotere zimamanga, koma magetsi, mankhwala ndi amisiri osamalira zomangidwazo azidzalipidwa kuchokera ku mitengo imene tikukambayi.

Kwa inu mayi, mfundo yake ndi yakuti wosalumikizidwa ku paipi ya suweji sayenera kulipira ndalama ya wogwiritsa ntchito paipiyo, ndipo mukadzaona mzere wotero pa bilu yanu mukafunse. Msonkho wa nyumba wa khonsolo ndi nkhani ina, umenewo umakhudza nyumba za mumzinda kaya zili ndi suweji kaya ayi. Ndalama yanu ya suweji idzakhala yopopetsa thanki, pafupifupi zaka zitatu kapena zisanu zilizonse malinga ndi kukula kwake ndi kuchuluka kwa anthu. Musadikire kuti chimbudzi chibwerere. Matope akafika cha pa theka la thanki amayamba kusefukira mu sokawe, dzenje limene madzi ochoka mu thanki amalowerera pansi, n'kutseka miyala yake, ndipo kukumba sokawe yatsopano n'kokwera mtengo kuposa kuitana galimoto yopopa. Mu mtengo wa galimotoyo muyenera kukhala ndalama yokatayira ku malo oyeretsera, choncho funsani kumene akukataya. Sokawe italikirane ndi chitsime chilichonse mamita osachepera 30, ndipo madzi a padenga asalowe mu thanki.

Popeza mukadali pa ntchito yomanga, uzani pulamba wanu kuti paipi yotuluka m'nyumba ikhale ya PVC ya mamilimita 110, yotsetsereka mita imodzi pa mamita 40 mpaka 60 aliwonse. Ikagona kwambiri zonyansa zimaima. Pokhota paliponse pakhale manhole, kadzenje ka chivundikiro kotsegulika koonera paipi ikatsekeka. Ngati malo alola, manhole yomaliza isanafike thanki ikhale mbali ya kumsewu komanso pamalo okwera kuposa msewuwo, chifukwa suweji imayenda yokha motsetsereka, ndipo nyumba yotulutsira kunsi kwa paipi ya mumsewu siingalumikizidwe popanda pampu. Paipi ya khonsolo ikadzafika kwanuko, kotesheni yake idzawerengeranso mtunda, kuya kwa ngalande ndi kuchuluka kwa ma manhole, ndiye mamita ochepa amene mwasunga lero adzakuchotserani ndalama zambiri.